Pulani ya mzinda ikasintha, malamulo a khonsolo amatsalira bwanji m'mbuyo?

[Pa sikirini: mapu a mzinda wa Lilongwe, ma Area onse akuoneka ndi manambala ake]

Moni nonse amene mukutionera. Tayang'anani mapu awa. Kanengo ndi kwa mafakitale, City Centre ndi kwa maofesi, Area 47 ndi Area 25 ndi kokhala anthu. Zimenezi sizinangochitika zokha ayi. Pali anthu amene anakhala pansi n'kujambula kuti chakuti chikhale apa, chakuti chikhale apo. Chikalata chimenecho ndiye pulani ya mzinda.

Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Pulani yogawa malo imene mzindawu unayendera kwa nthawi yaitali ndi ya 1986, pamene anthu okhala mumzinda anali ongopitirira 200,000. Mu 2010, ndi thandizo la bungwe la ku Japan la JICA, kunatuluka pulani ina yoyang'ana mpaka chaka cha 2030. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Lilongwe ili ndi anthu pafupifupi 990,000. Ndiye kusintha pulani n'koyenera, palibe angatsutse.

Koma pulani siigwira munthu pamkono. Amene amabwera pa golosale yanu kudzafunsa laisensi sanyamula mapu. Amanyamula malamulo a khonsolo, aja timawatchula kuti ma by-law. Ndi malamulo amenewa amene amanena kuti geni ichitikire pati, bala itseke nthawi yanji, zinyalala zitayidwe kuti, nkhumba mungawete kuseri kwa nyumba kapena ayi, ndiponso wolakwa alipire chindapusa cha ndalama zingati. Pulani ndi ngolo, malamulowa ndi ng'ombe zake. Mukagula ngolo yatsopano koma ng'ombe n'kumalowera njira yakale, katundu safika kumene mukufuna.

[Pa sikirini: msewu wa m'dera lokhala anthu, nyumba ina ili ndi chikwangwani cha loji, ina ya sukulu ya mkaka]

Tiyerekeze chonchi. Bambo wina ali ndi shopu yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo kutsogolo kwa nyumba yake. Chaka chilichonse amapita ku khonsolo, amalipira laisensi, lisiti amalisunga bwinobwino m'kabati. Kenako pulani yatsopano yati dera limenelo ndi lokhala anthu basi, ntchito zaphokoso ndi zamoto zipite kwina. A ofesi ya mapulani abwera ndi kalata yomuletsa. Iye atulutsa lisiti lija: "Nanga ndalama zanga munalandiriranji?" Ndipotu sakunama. Ofesi ya malaisensi inatsata lamulo lake lakale lomwe silifunsa kuti malowo pulani inawaika m'gulu liti. Maofesi awiri, khonsolo imodzi, mayankho awiri. Oyandikana naye amene sagona chifukwa cha galayinda nawonso akudandaula, ndipo nawonso sakunama.

Zimachitikanso mbali inayo. Pulani ikhoza kuloleza kuti m'mbali mwa msewu waukulu nyumba zisanduke maofesi ndi mashopu, kapena anthu amange nyumba zosanja, koma lamulo la zomangamanga likadali lomwe lija lonena za nyumba imodzi pa puloti imodzi. Munthu ali ndi ndalama, pulani ikumulola, koma pepala silikusainidwa. Apa m'pamene pamabadwira mawu aja akuti "tangoonani mmene mungatithandizire, bwana." Lamulo likakhala ndi pakamwa pawiri, wopindula ndi wa ziphuphu.

[Pa sikirini: 1988, 1998, 2016]

Manambala atatu awa muwasunge. Mu 1988 kunali lamulo la Town and Country Planning Act, lomwe linkagwira ntchito kwenikweni m'madera osankhidwa, makamaka m'mizinda ndi m'matauni. Mu 1998 kunabwera Local Government Act, lomwe limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza Physical Planning Act m'malo mwa lija la 1988, ndipo dziko lonse la Malawi linakhala dera loyenera kutsata mapulani. Kutanthauza kuti nkhaniyi si ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba zokha. Khonsolo ya boma ngati Dowa kapena Mulanje nayonso ikukhudzidwa, ku Mponela ndi m'matrading centre ena kumene nyumba zikumera ngati palibe mawa.

Pali chinanso chimene ambiri timaiwala. Kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014, dziko lino linalibe makhansala. Zaka zonsezo, anthu amene ntchito yawo ndi kukambirana ndi kuvomereza malamulo a khonsolo kunalibe. Pulani ya Lilongwe ya 2010 inatuluka mkatikati mwa nthawi imeneyo. Ndiye musadabwe kuona pulani ndi malamulo zikuyenda mosiyana liwiro.

Kukonza kwake kumayenda motere. Akatswiri a mapulani, a zaumoyo, a zamalonda ndi loya wa khonsolo amatenga lamulo lililonse n'kuliika pambali pa pulani yatsopano. Ndime yotsutsana ndi pulani amaisintha, yotchula lamulo lomwe linathetsedwa kale amaikonza, yobwereza zomwe zili kale mu lamulo la dziko amaichotsa, chifukwa lamulo la khonsolo silingapose la Nyumba ya Malamulo. Zindapusa nazo amazionanso. Chindapusa chimene chinali choopsa zaka makumi awiri zapitazo, lero ndi mtengo wa botolo la Fanta, ndipo womanga mu dambo amangolipira akuseka. Zikatero nkhani imapita ku komiti, kenako ku msonkhano wa makhansala onse. Anthu amadziwitsidwa kuti aone zomwe zalembedwa, nduna ya maboma aang'ono imavomereza, ndipo lamulo limasindikizidwa mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezeramo malamulo.

[Pa sikirini: bolodi la zidziwitso pa ofesi ya khonsolo, mapepala omatidwa ndi mapini]

Gawo lodziwitsa anthulo ndi limene ine limandikhudza kwambiri. Chidziwitso chikangomatidwa pa bolodi, m'Chingerezi cha maloya, mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu sachiona. Wa kabaza sachiona. Amadzamva tsiku limene galimoto ya khonsolo yaima pamalo pake. Pamenepo madzi atayika kale, saolekanso. Pulani ikati mavenda achoke pamsewu wakutiwakuti, lamulo latsopano liyenera kunenanso kumene akupita, ndipo kumeneko kukhale chimbudzi, madzi ndi makasitomala. Apo ayi, abwerera sabata yomweyo, ndipo tonse tinaziona zimenezi.

Pali malo ena pomwe kulekerera n'kupha anthu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba m'mphepete mwa phiri la Soche, ku Chilobwe, anthu ambiri n'kutaya miyoyo. Ku Lilongwe, mtsinje wa Lingadzi ukasefukira, a ku Mtandire amadziwa chimene chimachitika. Kujambula malo oterewa ndi utoto wofiira pa mapu n'kosavuta. Chovuta ndi lamulo lonena kuti ndani aletse munthu akamakumba maziko, mfumu kapena bulokulida wogawa malo pamenepo aimbidwe mlandu wanji, ndipo amene ali kale pamenepo apatsidwe malo kuti.

Ngati muli ndi puloti kapena bizinesi, pitani ku ofesi ya mapulani mukafunse kuti malo anu ali m'gulu liti tsopano. Ngati mukufuna kusandutsa nyumba kukhala loji kapena sukulu, pemphani chilolezo chosinthira ntchito ya malowo musanagule simenti, chifukwa laisensi ya bizinesi payokha sikutetezani. Khansala wa wodi yanu mufunseni ngati malamulo akuunikidwanso, ndipo ngati akuunikidwa, akupatseni kope muwerenge nokha ndime ya misika ndi ya zindapusa.

Tilembereni m'munsimu dera limene mukukhala ndi lamulo la khonsolo limene likukusowetsani mtendere. Mu vidiyo yotsatira tidzatenga fomu yopemphera chilolezo chomangira nyumba n'kuidzaza limodzi, mzere ndi mzere.