Makalata a Omvera: Chitenje cha Amayi ndi Fungo Limene Likuthawa

Mwaswera bwanji nonse amene mwatsegula wailesi madzulo ano kuno ku Johannesburg, kuyambira ku Mayfair, Rosettenville, Turffontein, Diepsloot, mpaka inu a ku Cosmo City amene mumadandaula kuti sindikutchulani. Lero ndakutchulani. Dzulo masana mvula inagwa ndi mabingu ake, ndipo maluwa a jakaranda angoti mbwee m'misewu. Sabata yatha ndinangonena mocheza kuti mvula yoyamba ya kuno imandinunkhirira ngati chizimalupsa cha kwathu ku Dedza. Sindinadziwe kuti ndaputa mavu. Makalata abwera ambiri, onse a nkhani ya fungo, ndipo ndasankhapo anayi.

Yoyamba yachokera kwa mayi wa ku Rosettenville, kwawo ndi ku Ntcheu. Akuti:

"Achimwene, pulogalamu yanu ndakhala ndikuimvera kwa nthawi yaitali koma kulemba ndi koyamba. Amayi anga anamwalira mu Juni 2020, nthawi ija malire anali otseka chifukwa cha Covid. Maliro ndinaonera pa foni, mchemwali wanga ataikweza m'mwamba, netiweki ikudukaduka. Pamene ankatsitsa bokosi chithunzi chinaima, ndipo chitabwerera anali atayamba kale kukwirira. Mabasi atayambanso kuyenda, mchemwali wangayo ananditumizira chitenje chimene amayi ankafunda m'mawa pokoleza moto. Sanachichape. Nditamasula jumbo pa siteshoni ya mabasi ya Park Station pomwepo, ndinangokhala pa katundu wa munthu wosamudziwa n'kuyamba kulira. Munali utsi wa nkhuni, sopo wobiriwira uja wochapira, mafuta awo odzola ndi thukuta la kumunda. Anali amayi enieni. Ndinachimanga m'majumbo awiri, ndipo ndimatsegula kawiri pachaka, tsiku limene anatisiya ndi pa Khirisimasi. Chaka chino ndapeza fungo latsala pang'ono, chikumveka kwambiri ndi pulasitiki. Abambo akunyumba akuti ndichichape ndizivala. Ine ndikuona ngati ndikachichapa ndiye kuti ndawakwirira kachiwiri. Tinabadwa asanu. Wina ali ku Cape Town, wina ku Tete, wina ku Lilongwe, mmodzi yekha ndiye ali kumudzi, ndipo chimwalirireni amayi sitinakumanepo tonse. Ndichite bwanji?"

Pepani kwambiri, mayi. Kalata yanu ndaiwerenga katatu ndisanalowe muno, ndipo ndikudziwa kuti si inu nokha. Kuyambira pa 27 Malichi 2020, pamene dziko lino la South Africa linatseka zonse, ambiri a ife tinalira maliro titagwira foni m'manja, opanda wotigwira paphewa.

Choyamba, simunalakwitse kalikonse. Fungo ndi tizidutswa ting'onoting'ono timene timachoka pa chinthu n'kuuluka mumpweya mpaka tifike m'mphuno. Ndiye kuti chinthu chilichonse chonunkhira chimakhala chikutha pang'onopang'ono. Chikanakhala chosatha, simukanachimva n'komwe. Chimene munamva pa Park Station paja chinali gawo la chitenjecho likuchoka. Jumbo nayo siletsa zimenezi. Pulasitiki yopyapyala imadutsitsa fungo, n'kuwonjezerapo lakelake, ndipo mukalowa chinyezi nsalu imachita chuku.

Chifukwa chimene munakhalira pansi pa katundu wa mlendo chiliponso. Zimene timaona ndi zimene timamva ndi makutu zimayamba zadutsa pamalo ena mu ubongo, ngati basi yoima pa Beitbridge kudikira kudindidwa. Fungo lili ndi njira yachidule: likachoka m'mphuno limafika msanga ku mbali ya ubongo imene imasunga zikumbukiro ndi kumva chisoni kapena chimwemwe. N'chifukwa chake misozi imatsogola, maganizo n'kubwera pambuyo. Akatswiri awiri a ku America, Linda Buck ndi Richard Axel, analandira mphoto ya Nobel mu 2004 atapeza mmene mphuno imazindikirira fungo. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizilandiro ta fungo, ndipo fungo lililonse limadzutsa kagulu kakekake. Kagulu ka utsi, sopo, mafuta ndi thukuta la amayi anu kanali ka iwo okha. Foni imatumiza mawu, imatumiza chithunzi, imatumiza ndalama, koma ichi ayi.

Maganizo anga ndi awa, mukambirane ndi abambo akunyumba. Musachichape panopa. Bambo, ngati mukumvera, ndikudziwa mukufuna kuti mtima wa akazi anu upepuke, koma mtima sufulumizidwa ngati teksi ya pa Bree. Koma inunso mayi, kutsegula kawiri pachaka n'kudzimana. Fungolo likuthawa ngakhale jumbo ili yomanga, ndiye likuthawira mu wodirobu m'malo mothawira kwa inu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pezani botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro chothina, litsukeni liume bwinobwino, muike nsaluyo, muzisunga pamalo ozizira popanda dzuwa. Mukawasowa amayi, tsegulani, musadikire Disembala.

Ndipo pali china chimene mwina simungachikonde. Chitenje ndi mamita awiri, inu mulipo asanu. Uja wa ku Cape Town nayenso anaonera maliro pa foni. Sindikunena kuti mutenge sizasi usiku uno. Ndangoyala mphasa, kukhalapo ndi kwa inu ndi abale anu.

Tipume pang'ono ndi kalata yachiwiri, yochokera kwa mnyamata wa ku Yeoville, kwawo ku Nkhotakota:

"Bwana, ine vuto langa ndi usipa. Ndikangouika pamoto, oyandikana nawo pa fulati amagogoda, ena amapopera mankhwala pakhonde, ndipo woyang'anira nyumba wandichenjeza kawiri. Akuti ukununkha. Ine ndikuti ukununkhira. Wolondola ndani?"

Achimwene, chinenero chathu chinaona kale mlandu wanuwu: pakati pa kununkha ndi kununkhira pali kachidutswa kamodzi kokha, ndipo amene amakaikapo ndi amayi amene anakulerani. Inu mukamva usipa mumaona nyanja ndi thandala la nsomba padzuwa. Mnzanuyo akungomva nsomba youma m'nyumba yopanda mawindo okwanira. Ine ndili kumbali yanu, koma lendi silipiridwa ndi ine. Uviikeni kaye m'madzi ofunda, muzivindikira poto, tsegulani windo, ndipo Lamlungu lina mumupatseko woyang'anirayo kambale ndi nsima yotentha. Ndaonapo anthu akutembenuka mtima ndi usipa wa tomato.

Yachitatu ndi ya bambo wa ku Mayfair, kwawo ku Mangochi:

"Achimwene, ndimagwira ntchito mu shopu ina ku Fordsburg yogulitsa mafuta onunkhira, oud ndi lubani. Kale kasitomala akangolowa ndinkadziwa chimene wadzola. Nditadwala Covid mphuno inafa. Tsopano ikubwerera mosokonekera: khofi akumveka ngati tayala lopsa, anyezi ngati ngalande. Mwezi watha ndinagwetsa kabotolo ka oud, kanasweka, anzanga onse anathamangira panja chifukwa cha kukula kwa fungo, ine ndili chiimire osamva kanthu. Ndinalipira kabotoloko, koma chimene chinandipweteka si ndalama. Mwana wanga wakhanda sindikudziwa kuti mutu wake umanunkhira bwanji."

Bambo, mawu otsirizawo andilasa. Koma pali chiyembekezo, ndipo si chongokutonthozani. Timinyewa ta fungo m'mphuno tili m'gulu la tochepa m'thupi timene timaphukanso tikawonongeka. Kusokonekera kumene mukunenako madokotala amakutcha parosmia, ndipo kawirikawiri kumabwera pamene mphuno ikuchira, ngati mawaya amene alumikizidwa koma ena alowa polakwika. Pali njira yophunzitsanso mphuno imene anaiyesa ku Dresden, ku Germany, motsogozedwa ndi Thomas Hummel, n'kuifalitsa mu 2009. Mumatenga mafungo anayi, la duwa la rozi, la mandimu, la bulugamu ndi la ma clove, n'kumanunkhiza lililonse kwa kanthawi kochepa, m'mawa ndi madzulo, kwa miyezi ingapo, uku mukukumbukira mmene linkamvekera kale. Zonsezo zili pa shelefu yanu kapena pa shopu yoyandikana nayo. Si onse amene amachira kwathunthu, ndiye kaonaneninso ndi dokotala wa mphuno ndi khutu. Pakadali pano chenjerani ndi gasi ndi parafini kunyumba, chifukwa chikadontha simumva. Akazi anu ndiwo azikhala mphuno ya pakhomo.

Kabotolo kanuko kandikumbutsa chinthu chimene inu mukuchidziwa kuposa ine. Mtengo umene umatulutsa oud, wa ku Asia kuja, ukakhala wabwinobwino sununkhira. Umayamba wavulala, chuku n'kulowa pabalapo, ndiye mtengo podziteteza umatulutsa utomoni wakuda. Utomoniwo ndiwo mumagulitsa ndi timabotolo tating'ono pamtengo wokwera chonchija.

Yomaliza yalembedwa pa pepala lenileni, ndi cholembera, ndipo anaibweretsa ndi mdzukulu. Ndi ya agogo aamuna a ku Turffontein, kwawo ku Mulanje:

"Mwananga, ine ndine mtchona, sindikana. Bambo anga adabwera kuno pa Wenela, adabwerera kumudzi ndege ija itagwa. Ine ndidabwera pambuyo pake ndi miyendo yanga, ndipo pochoka adandipatsa kabokosi ka mkungudza kamene adagula kwa osema a pa Likhubula. Ndimasungamo makalata akale ndi chiphaso chawo cha kumgodi. Kwa zaka zambiri kabokosiko kadasiya kununkhira, ndidaiwala n'komwe kuti kadali ndi fungo. Sabata yatha kamdzukulu kanga kakusewera kadakagwetsa pa masitepe, chivindikiro chidang'ambika pakati. Ndidanyamuka ndi ndodo kuti ndikalange. Nditawerama kutola zidutswa, phiri lonse lidalowa m'nyumba. Ndidaona nkhungu ya chiperoni, ndidamva bambo anga akutsokomola pakhonde. Ndodo ndidaiiwala. Mdzukuluyo sadziwa Chichewa, sadafikeko ku Mulanje. Adandifunsa m'Chizulu kuti agogo mukuliriranji. Ndidasowa chomuyankha. Funso langa ndi ili: ndikamate kapena ndikasiye choncho?"

Zikomo agogo, ndalandira ndi manja awiri. Kwa achinyamata amene simukudziwa ndege imene agogo akunena: pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya kuno, inagwa itangonyamuka pa Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi anathera pomwepo. Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi, ndipo azibambo ambirimbiri anabwerera kumudzi ngati bambo a agogowa. Chiphaso chili m'kabokosimo musachitaye.

Fungolo silinathe, agogo. Pamwamba pa thabwa ndi pamene panauma n'kutsekeka ndi fumbi komanso mafuta a m'manja, koma mafuta a mtengowo anali chikhalire m'kati, ndipo ming'aluyo yawatsegulira khomo. Ndi mafuta omwewo amene amachititsa kuti chiswe chiziuopa mkungudza. Anthu anauthamangira chifukwa cha zimenezo, moto wa m'tchire n'kuwonjezerapo, mpaka mtengo umene ndi chizindikiro cha dziko lathu, umene kwawo kwenikweni ndi pa phiri la Mulanje lokha, unatsala pang'ono kutheratu. Pofika 2017 ofufuza anapeza mitengo ikuluikulu yowerengeka ndi zala. Akubzala ina, koma mkungudza sukula ngati bulugamu. Kabokosi ngati kanuko, ka mtengo wakale, simungakapeze mosavuta pa Likhubula lero.

Ndiye kumata kamateni, kuti makalata asalowe fumbi. Pezani kalipentala woleza mtima, agwiritse guluu woyera wa matabwa, koma mumuuze mwamphamvu kuti vanishi asapake, chifukwa vanishi ndiye angatseke zonse. M'kati asiye thabwa lili losapaka. Fungo likadzazilalanso, tengani sandipepa wosalala mupale pang'ono pangodya ya m'kati, lidzadzuka. Ndipo ngati pali kachibenthu kamene sikakubwerera pamalo pake, musakataye. Mupatseni mdzukuluyo aike m'thumba la yunifolomu, ndipo mumuphunzitse liwu limodzi lokha sabata ino, mkungudza. Alitchule molakwika, zilibe kanthu, ngakhale a ku Lilongwe ena amalipunthwa.

Nthawi yatithera. Mayi a ku Rosettenville, mukalankhula ndi abale anu mudzandilembere, ngakhale atakana. Inu a ku Yeoville, woyang'anira uja akadya usipa mundiuze kuti wati chiyani. Kunja kwayambanso kuchita mdima cha ku Soweto, ndiye amene mwayanika zovala thamangani mukaanule.