Mawu akutchula, nanga nkhani akuimva? Mabuku a nthano m'makalasi a kuno ku Joni

[Patebulo pali mabuku awiri. Lina ndi lolembamo ntchito za m'kalasi, lina ndi la nthano, chikuto chake chomatidwa ndi selotepi.]

Moni nonse abale anga a kuno ku Joni, ndi inu amene mukutionera muli kumudzi. Mabuku awiriwa ndabwera nawo dala. Ili ndi lija mwana amabwera nalo kuchokera kusukulu, la mipata yoti adzazemo mawu. Linali lino mukuliona lathaitha chonchi, si kusasamala ayi, ndi manja a ana amene akhala akulimbirana. Nkhani yathu lero ili pa buku lothaithali.

Masana ena ndimathandiza ana a anansi kuwerenga kuno ku Rosettenville. Tsiku lina mtsikana wa Giredi 4 anandiwerengera tsamba lonse la Chingerezi osaphonya ngakhale liwu limodzi. Mayi ake ali chiimire pakhomo, chimwemwe chili tsaya. Nditamufunsa kuti, "Nanga iwe, galu uja anathawiranji?" mwana anangoti kakasi. Anayang'ana tsamba, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso tsamba. Mawu onse anawatchula bwinobwino, koma nkhani inamudutsa ngati takisi yodzadza.

Musaganize kuti ndi iye yekha.

[Pa sikirini: PIRLS 2021, ana 81 mwa ana 100 alionse]

Pali kafukufuku wotchedwa PIRLS amene amayesa kawerengedwe ka ana m'mayiko ambiri. Zotsatira za 2021, zomwe zinatuluka mu 2023, zinasonyeza kuti ana 81 mwa ana 100 alionse a Giredi 4 muno mu South Africa sankatha kuwerenga n'kumvetsa zimene awerengazo. Mu 2016 anali 78. Ndipo anawo sanawayese m'Chingerezi chokha, aliyense anamuyesa m'chilankhulo chimene wakhala akuphunziramo m'makalasi oyambirira. Wa Chizulu m'Chizulu, wa Chisutu m'Chisutu.

Giredi 4 ndi pamene pamaterera. Kuyambira Giredi 1 mpaka 3 mwana amakhala akuphunzira kuwerenga kwenikweniko. Akalowa Giredi 4, aphunzitsi amayembekezera kuti iye azitenga yekha nzeru m'buku, za sayansi, za mbiri, ngakhale mafunso a masamu amene amabwera m'ziganizo. Pamenepanso ndi pomwe sukulu zambiri zakhala zikusinthira ku Chingerezi. Tsono ganizirani mwana wathu. M'nyumba ndi Chichewa, kapena Chiyao, kapena Chitumbuka. Pamsewu ndi Chizulu. M'kalasi Chingerezi, n'kuonjezerapo Afrikaans kapena Chizulu ngati phunziro. Mwa zilankhulo 12 zovomerezeka m'dziko muno Chichewa mulibe, choncho kusukulu sadzachipeza.

Ine buku lolembamo lija sindikulinyoza. Mwana ayenera kudziwa malembo, maliwu ndi maphatikizo, monga ife tinkaimbira ba be bi bo bu tili Sitandade 1. Popanda zimenezo palibe kuwerenga. Koma tiziganizo ta m'buku lotere timalembedwa kuti mwana ayeserere liwu linalake, tilibe chimene chingamugwire mtima. Palibe mwana amene anagonapo akudzifunsa kuti kodi mpata wachitatu uja udzadzazidwa bwanji. Nthano ndiyo imachita zimenezo. Imamupatsa chifukwa chofunira kudziwa chimene chili patsamba lotsatira, ndipo mwana amene akufuna kudziwa amayamba kusunga nkhani m'mutu, kulumikiza za patsamba 2 ndi za patsamba 9. Kumvetsa nkhani n'kumeneko.

[Wofotokoza atenga buku la nthano, alitsegula moyang'anitsa kamera.]

Nanga m'kalasi buku lotere limagwira ntchito bwanji? Silabasi ya kuno, imene amaitchula CAPS, inaika kale malo ake m'makalasi ang'onoang'ono. Pali nthawi yowerengera limodzi kalasi yonse ndi buku lalikulu lija aphunzitsi amati Big Book, pali nthawi ya timagulu tating'ono pamene mphunzitsi amakhala pansi ndi ana ochepa a msinkhu umodzi wa kawerengedwe, palinso yowerenga awiriawiri ndi yowerenga aliyense payekha mwachinunu. Papepala zilipo. Funso ndi lakuti m'nthawi imeneyo mukulowa buku lanji, ndipo likulowa bwanji.

Mphunzitsi waluso sayamba n'kuwerenga. Amaonetsa chikuto kaye. "Mukuona chiyani apa? Mtsikanayu nkhope yakeyi yakwiya kapena ikuopa? Mukuganiza kuti chichitike n'chiyani?" Ana amalosera, ena molondola, ena mosemphana, ndipo osemphawo musawadzudzule chifukwa tsopano ali ndi chifukwa chomvetsera, akufuna aone ngati anena zoona. Kenaka amasankha mawu awiri kapena atatu okha amene angatseke nkhani ngati mwana sakuwadziwa, n'kuwafotokoza ndi manja, ndi chithunzi, ngakhale ndi chilankhulo cha ana omwewo. Mawu ena ovuta awasiye, nkhani idzawamasulira yokha.

Akayamba kuwerenga, mawu ake azisintha. Mkango usalankhule ngati mbewa. Ndipo pamene nkhani yafika pothina, pomwe chitseko chikutseguka, ayime. Atseke buku pang'ono. Muone mmene kalasi imalirira.

Apa ndimaseka ndekha, chifukwa zonsezi agogo athu ankazidziwa popanda satifiketi. "Padangotero!" ife tonse, "Tili tonse!" Mukaleka kuyankha ankadziwa kuti mwagona, nthano n'kuima. Pakati pa nthano pankakhala kanyimbo koti tonse tivomereze, ndipo Kalulu akati apusitse Fisi, agogo ankayamba asonkhezera moto kaye, ife mitima ili m'mwamba. Kuyankhana kuja, kubwerezabwereza kuja, kuimitsa nkhani pokoma kuja, ndi zomwezo zimene lero akuphunzitsa m'makoleji a aphunzitsi. Chasintha n'chakuti pano pali tsamba, ndipo chala cha mphunzitsi chikuyenda pansi pa mawu kuti mwana aone kuti zimene akumvazo zikuchokera m'malembo.

Buku limodzi lisathe tsiku limodzi. Lolemba amvetsere. Lachiwiri awerenge nawo malo obwerezabwereza. Tsiku lina afotokoze nkhaniyo ndi mawu awoawo, kapena aichite sewero, kapena alembe mathero ena. Mwana akamva nkhani kachitatu ndi pamene amayamba kutola mawu atsopano n'kuwayesa pakamwa pake.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapha buku labwino, ndipo zonse ndinaziona ndi maso anga. China ndi kuwerengetsa ana motsatana mzere wa madesiki, uyu ndime yoyamba, uyu yachiwiri. Tonse tinadutsamo. Unkawerengera anzako kuti ndime yako ikhala iti, n'kumaiyeserera chamumtima uku mtima ukugunda, osamva kanthu kalikonse ka zimene anzako akuwerenga. Wochedwa kuwerenga amachita manyazi, wothamanga amatopa, nkhani palibe waimva. Chinacho ndi kusandutsa nthano iliyonse mayeso. Tsamba lililonse mafunso khumi, galu anali wamtundu wanji, anyamata anali angati. Funsani ochepa koma ofuna kuganiza: anachitiranji zimenezi, ukanakhala iwe ukanatani, ndi pati m'nkhanimu pamene pakusonyeza kuti ananama. Funso lomalizali ndimalikonda chifukwa limabweza mwana kutsamba kukafuna umboni.

Za mabuku otsekeredwa m'kabati kuopa kuti ana ang'amba, sindinena zambiri. Selotepi ndi yotchipa.

[Wofotokoza akweza dzanja, zala zisanu zili poyera.]

Posankha buku loti mwana awerenge yekha pali kanjira kophweka. Atsegule tsamba limodzi pakati, ayambe kuwerenga, ndipo akakumana ndi mawu amene sakuwadziwa apinde chala. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo n'lolemera kuti alinyamule yekha, limenelo ndi lomuwerengera inu. Chala chimodzi kapena ziwiri, ndi lake limenelo. Zindikirani kusiyana kwake: buku lomuwerengera lizikhala lovutirapo kuposa limene angawerenge yekha, chifukwa khutu limamva zambiri kuposa zimene diso la mwana lafikapo.

Koma msinkhu wa mawu si zonse. Mu 1990 mphunzitsi wina wa ku yunivesite ku America, Rudine Sims Bishop, analemba kuti buku limatha kukhala kalilole kwa mwana, limathanso kukhala zenera. Pakalilole mwana amadziona yekha, pazenera amaona moyo wa ena. Ana athu mazenera ali nawo ambiri, nkhani za chipale chofewa ndi nyumba zosanja za ku London. Makalilole ndiwo akusowa. Ndi kangati mwana wa ku Turffontein kapena ku Diepsloot anatsegula buku n'kupezamo mwana wokhala m'chipinda chimodzi ndi makolo ake, amene agogo ake amawaona pa WhatsApp pokha, amene Disembala amakwera basi masiku awiri kudutsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza? Ndipo kwa mwana wobadwira kuno, nkhani ya asodzi a ku Mangochi ndi zenera ndi kalilole nthawi imodzi, chifukwa ndi kwawo koma sanakuonepo.

Tifike kwa akuluakuluwa, a Giredi 7, 8, 9. Amenewa ndi amene timawaiwala. Mnyamata wa zaka 14 amene kuwerenga kukumuvuta simungamupatse buku la bakha ndi anapiye pamaso pa anzake, bola anene kuti kuwerenga n'kwa ana kusiyana n'kuti asekedwe. Amafunika nkhani ya mawu osavuta koma ya zinthu za msinkhu wake, chibwenzi, anzake omukakamiza zoipa, kusowa ndalama ya takisi, kuitanidwa dzina lija lonyoza alendo. Nkhani zotere zilipo. Bungwe la FunDza linaika nkhani za achinyamata zoti aziwerenga pafoni, zolembedwa ndi anthu a konkuno. Foni yomweyo imene timakangana nayo tsiku ndi tsiku.

Achinyamata amafunanso kusankha okha. Mphunzitsi aike mabuku asanu kapena asanu ndi limodzi patebulo, anene mawu ochepa za lililonse, awerenge tsamba loyamba mokweza, kenaka ana adzigawe okha m'magulu malinga ndi buku limene lawakoka. Lomwe lamukanika munthu atafika tsamba 30, alisiye atenge lina, ifenso akulu timatero. Mabuku a makatuni nawonso ndi kuwerenga ndithu. Ndikunena izi chifukwa ku Giredi 10 mpaka 12 kukudikira buku lathunthu la nkhani, sewero ndi ndakatulo za mayeso a matiriki, aja omalizira sekondale kuno. Mwana amene sanamalizepo buku lililonse mwa kufuna kwake amangothamangira kuloweza manotsi.

[Pa sikirini: Nal'ibali, Book Dash, African Storybook, FunDza]

Mwina mukuti zonsezi n'zabwino koma mabuku ndi odula, ndipo sukulu ya mwana wanga ilibe laibulale. N'zoona, sukulu zambiri zilibe. Koma aulere alipo. Nal'ibali inayamba mu 2012, dzinali ndi la Chixhosa, kutanthauza kuti nayi nkhani, ndipo nthano zawo zili pa intaneti m'zilankhulo za kuno. Book Dash inayamba mu 2014, amasonkhanitsa olemba ndi ojambula odzipereka n'kupanga buku la ana m'maola 12 okha, ndipo aliyense ndi wololedwa kulitsitsa, kulisindikiza ngakhale kulimasulira. Imene ine ndimaikonda kwambiri ndi African Storybook ya bungwe la Saide, lomwe lili konkuno ku Johannesburg, chifukwa mmenemo muli nthano za m'Chichewa ndi Chinyanja. Nthano imodzi mutha kuipeza m'zilankhulo zingapo, choncho mwana aiwerenge m'Chingerezi kusukulu, madzulo muiwerenge naye m'Chichewa. Malaibulale a mzinda nawonso alipo m'madera ambiri, mupite naye mwana mukafunse za khadi. Ndipo m'tauni, m'mbali mwa misewu, muli ogulitsa mabuku akale pamtengo woti mutha kunenerera.

Amayi ena anandiuza kuti, "Achemwali, ine Chingerezi changa n'chothyokathyoka, ndimusokoneza mwana." Simumusokoneza mayi. Mwana awerenge m'Chingerezi, inu mumufunse m'Chichewa kuti akufotokozereni zimene zachitika. Kuti akuuzeni m'Chichewa ayenera kuti waimvadi nkhaniyo, pamenepo palibe kobisala. Ndipo mukapita ku msonkhano wa makolo, musangofunsa za malikisi. Mufunse mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, kodi pa sabata ana mumawawerengera nthano kangati? Nanga amaloledwa kutenga buku kupita nalo kunyumba?"

Mtsikana uja wa galu, tinakhala naye milungu ingapo pa buku lomatamatali. Tsiku lina ndili mkati mowerenga anagwira tsamba kuti ndisatsegule. "Dikirani kaye anti, apa si zoona. Kalulu ananena kuti sanapite kuchitsime, nanga mapazi ake anyowa bwanji?" Anabwerera yekha masamba atatu m'mbuyo, n'kundiloza ndi chala pomwe Kalulu ananama.

[Kamera isendera pafupi ndi buku lotseguka, chala chili pa mzere.]