Thiraki ikakugunda ku America usathamangire kunena kuti "ndili bwino"

Moni moni omvera nonse, lero ndikujambulira kwathu ku Zomba, pakhonde pa amalume ku Chinamwali, ndiye mukamva tambala kapena mathiraki akubuula pa M3 musadabwe. Ndabwera kuholide kuchokera ku South Bend, Indiana. Dzulo amalume andiona ndikudzuka pampando chogwira msana nkundifunsa kuti "mphwanga, kodi azungu aja anakupatsa chipukuta misozi?" Ndati dikirani amalume, ndiyankhira pa mayiki kuti amve onse.

Ngozi ndachitako ziwiri kumeneko. Yoyamba kagalimoto kanandigunda kumbuyo pa maloboti, tinapatsana za inshuwalansi, apolisi analemba, miyezi iwiri nkhani yatha. Ku Indiana galimoto wamba imatha kuyenda ndi inshuwalansi ya madola 25,000 okha pa munthu wovulala, ndiye zokokana sizichuluka.

Yachiwiriyi ndi chithiraki, nthawi ya sinoo, ndipo zimenezija zikadzaza zimafika matani 36. Mawa lake foni yalira, mayi wa inshuwalansi ya kampani, mawu ofatsa ngati mayi busa, akuti tikujambula koma tingofuna kudziwa muli bwanji. Ine ndi ulemu wathu uja basi "ndili bwino, kaya inu", khosi lili mu kolala, kutembenuka kumene kukukanika. Loya wanga atamva anangogwira kumutu, akuti mawu amenewo adzawatulutsa ngati umboni woti sindinavulale.

Ndi iyeyo anandimasulira kuti thiraki yodutsa ma state ndi katundu inshuwalansi yake siichepera madola 750,000, ndiye pa ndalama zoterozo kampani siigona, maloya ake amayamba ntchito iwe usanatuluke mchipatala. Komanso sulimbana ndi dalaivala yekha ayi, pali kampani yomulemba ntchito, mwini ngolo, amene anapakira katundu, amene amakonza mabuleki, aliyense kuloza mnzake chala ngati ana oti aswa mbale.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi ichi. Lamulo limati dalaivala asapitirire maola 11 ali pa chiwongolero, ndipo akhale atapuma maola 10 asananyamuke, muthirakimo muli kachipangizo, ELD, kamene kamalemba zonsezo. Koma kampani imakakamizidwa kusunga zolembazo miyezi 6 yokha, pomwe iwe uli ndi zaka 2 zokasuma kukhoti, ndiye ukamati ndiyambe ndachira kaye upeza umboni anafufuta kale mwalamulo. Sabata yomweyo loya anawalembera kalata yoti asakhudze kanthu. Sindinamupatse ndi kobiri lomwe, adzadula gawo limodzi mwa magawo atatu zikatuluka, zimawawa ndithu koma ndekha ndikanasayina cheke choyamba chimene a inshuwalansi akanandipatsa.

Mlandu udakali mkati amalume. Ee, ndamva, malata anu 40 aja sindinaiwale.