Musanagule genoa, yambani mwayeza boti

Mwaswera bwanji achimwene. Uthenga wanu ndaumva, woti boti lanu likumangoyandama ku Monkey Bay kuja mphepo ikafooka, ndiye mukufuna thanga lakutsogolo lalikulu. Maganizo amenewo ndi abwino, koma musatumize ndalama kwa wosoka matanga musanagwire tepi yoyezera.

Thanga limene mukunenalo ndi genoa. Dzinali linachokera ku mzinda wa Genoa ku Italy, kumene Sven Salén wa ku Sweden analigwiritsa ntchito pampikisano mu 1926. Kusiyana kwake ndi jib yanuyo, thanga laling'ono lakutsogolo lija, n'kwakuti genoa imapitirira mlongoti n'kuphimbako thanga lalikulu lakumbuyo.

Tsono poyeza muchite chonchi. Muyeze pamwamba pa boti, kuchokera kumaso kwa mlongoti kukafika pamene waya wakutsogolo wogwira mlongoti wamangidwa. Osoka amati muyeso umenewu ndi J. Kenako yalani jib pansi, muyeze kuchokera pangodya yomangapo chingwe chokokera kukafika m'mphepete mwakutsogolo, podutsa pafupi penipeni. Umenewo ndi LP. Mukamva akuti genoa ya 135 kapena 150, akunena kuti LP ndi maperesenti angati a J. Ngati J wanu ndi mamita 3, ya 150 LP yake ndi mamita 4.5, ya 135 ndi mamita 4 ndi kachidutswa.

Ndikudziwa mtima wanu uli pa 150. Inde, m'mawa wa mu Okutobala, nyanja ili zii ngati mafuta m'mbale, imeneyo imakoka bwino zedi. Koma nyanja yathuyi mukuidziwa. Mwera ukadzuka mu Juni kapena Julaye, mphepo ikangofika ma knot 15 (knot ndi muyeso wa liwiro panyanja), boti limapendekeka, chiwongolero chimalemera m'manja, thanga lija n'kuyamba kututumuka mimba. Mukati mulikulunge pa furler, chipangizo chokulungira thanga pawaya wakutsogolo, kukulunga pang'ono kumatheka, koma mukapitiriza limasanduka thumba, boti silikweranso mphepo. Ine kwa munthu woyenda ndi banja kapena alendo ndimati tengani 135. Ya 150 isiyireni amene ali ndi anyamata okoka zingwe komanso thanga lina losinthira.

Nsalu nayo muiganizire. Mphepo yofooka siinyamula nsalu yolemera, thanga limangolendewera. Muuze wosoka kuti mukufuna Dacron (nsalu yosokera matanga) wopepukirapo, koma ngati lizikhala lokulunga pawaya, asokerepo nsalu yoteteza kudzuwa m'mphepete. Dzuwa la kunyanja limadya ulusi msanga.

Chimene ambiri amaiwala ndi njanji ija yoyendamo pule, kagudumu kodutsapo chingwe chokokera thanga. Thanga likakula, ngodya yake imabwera m'mbuyo, ndiye pule nayo iyenera kusendera m'mbuyo. Pitani mukaone ngati njanji yanu ikufika. Ngati ndi yaifupi, chingwe chizikokera pansi kwambiri, thanga lizitsekeka kumwamba, mphepo izisowa potulukira. Muonenso mawaya am'mbali ogwira mlongoti. Ngati amangidwa m'mphepete mwenimweni mwa boti, genoa yaikulu simungaikokere mkati mokwanira, ndipo pamenepo bola mufunse za code zero, thanga lina lopepuka lakutsogolo la mphepo yochepa.

Mukalikweza koyamba, mangani timaulusi titatu m'mphepete mwakutsogolo, kumwamba, pakati ndi pansi, mbali zonse ziwiri. Lozetsani boti kumphepo pang'onopang'ono. Kaulusi kakumwamba kakayamba kuvina ena asanayambe, sendezani pule kutsogolo. Kakayamba kapansi, bwezerani m'mbuyo. Ndipo mphepo ikakhala yochepa musakoke chingwe mpaka gwa, lisiyeni thanga lipume, litalikirane ndi nsonga ya spreader (kandodo kopingasa pamlongoti kotambasula mawaya am'mbali) ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Pamalo pamene limakhudza spreader posintha mbali, wosoka aikepo chigamba.

Chinanso, ichi ndiye ndikukupemphani. Genoa imatsika pafupi ndi boti, imabisa mbali yonse ya kumene mphepo ikupita. Tsiku lina madzulo ine ndinangomva kukuwa, kusuzumira pansi pa thanga ndikupeza bwato la asodzi awiri lili pafupi zedi, akukoka ukonde. Ndinapotoza chiwongolero mtima uli phaphapha. Muuze wosoka akweze pang'ono ngodya yokokera kapena aike zenera lapulasitiki, ndipo mukamadutsa kumene kuli mabwato, wina azikhala kutsogolo kuyang'ana.

Mukayeza J ndi kutalika kwa waya wakutsogolo munditumizire manambalawo, pamodzi ndi chithunzi cha njanji ija.