Nkhokwe ya ayironi m'selo la khansa

[Pa sikirini: khasu lodyeka ndi dzimbiri, lili pansi pa mtengo wa mango]

Khasu ili lagona panja dzinja lonse. Taonani mmene dzimbiri lalidyera. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, sichikhala phee. Tsono m'thupi mwanu muli ayironi, chimene chimapanga chitsulo, wolemera magalamu 3 kapena 4, ngati msomali umodzi, ndipo madzi ndi mpweya ndiye kwawo m'thupimo. Nanga bwanji inuyo simuchita dzimbiri?

Ayironi wambiri ali pa ntchito m'magazi, kunyamula okosijeni. Wambiri mwa wotsalayo amatsekeredwa m'puloteni yotchedwa ferritin, imene Vilém Laufberger wa ku Czechoslovakia anaipeza mu 1937 m'kapamba wa hatchi.

[Pa sikirini: kampira kamphako kakuzungulira pang'onopang'ono]

Ndi kameneka. Tizidutswa 24 talumikizana n'kupanga kampira, m'kati n'kusiya mphako yotha kulowa maatomu a ayironi mpaka 4,500. Tizidutswato tili mitundu iwiri, H ndi L. Ta H timagwira ayironi wolusa n'kumuziziritsa, ta L timathandiza kumuunjika. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti chosungidwa m'katimo n'chachibale ndi dzimbiri la pa khasu lija. Thupi limapanga dzimbiri dala, koma m'nkhokwe yotseka.

N'chifukwa chiyani kutseka? Ayironi woyenda yekha akakumana ndi hydrogen peroxide, amene selo limatulutsa pa ntchito zake, pamabadwa tinthu towotcha timene timadula DNA, malangizo oyendetsera selo, ndi kuwononga mafuta a khungu la selo. Henry Fenton anaona mphamvu ya zinthu ziwirizi mu 1894. DNA ikamavulala chaka ndi chaka, khansa imapeza polowera.

[Pa sikirini: mgolo wachitsulo uli pamoto]

Izi si zakutali. Mu 1929 ku Johannesburg, dokotala wina dzina lake Strachan anapeza ayironi wodzaza m'ziwindi za anthu akuda omwalira. Kenako zinadziwika kuti gwero lalikulu ndi mowa wamasese wofulidwa m'migolo ndi m'miphika yachitsulo. Mowa wowawasa umakokolola ayironi wa mumgolo, munthu n'kumamwera limodzi. Patapita zaka nkhokwe za m'chiwindi zimasefukira, chiwindi chimauma, ndipo ena amadwala khansa ya m'chiwindi.

Apo ayironi wathandiza kuyambitsa matenda. Nanga selo likasanduka kale la khansa?

Limakhala ndi nkhuli. Kuti ligawikane liyenera kukopera DNA yonse, ndipo puloteni youmba njerwa za DNA, ribonucleotide reductase, siigwira ntchito popanda ayironi. Choncho selo la khansa limachulukitsa makomo olowetsera ayironi, otchedwa transferrin receptor, n'kutseka khomo lotulutsira, ferroportin. Mu 2010 ofufuza a ku Wake Forest University ku America anaonetsa kuti pa khansa ya m'mawere, amayi amene zotupa zawo zinali ndi ferroportin wochepa, matenda ankawavuta kwambiri.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa mpamene nkhani imapota. Mungaganize kuti selo lankhuli limamanga nkhokwe zambiri basi. Si nthawi zonse. Mu 1999 zinapezeka kuti jini (kachigawo ka DNA) yotchedwa MYC, imene imasonkhezera khansa zambiri, imachepetsa tizidutswa ta H. Kumeneko n'kupasula nkhokwe kuti chimanga chikhale pamphasa, chodyeka lero lomwe. Koma zotupa zina zimachulukitsa ferritin, n'kumabisa ayironi kuti asaziwotche, ndipo m'labotale maselo oterewa amalimba akapatsidwa mankhwala a khansa. Pa neuroblastoma, khansa ya ana aang'ono, madokotala anaona kalekale kuti ferritin ikakwera m'magazi, matenda amakhala ovuta.

Ndiye mukamva wina akuti "ferritin imayambitsa khansa", kapena "ferritin imateteza ku khansa", onse awiri adula nkhani pakati. Selo la khansa likufuna ayironi wambiri, koma asalitenthe. Lili ngati munthu wogulitsa petulo wa m'zigubu m'nyumba yofolera udzu.

[Pa sikirini: khungu la selo likuchita mabowo]

Ofufuza anati: bwanji tiponyepo machesi? Mu 2012, Scott Dixon ndi Brent Stockwell a ku Columbia University anapereka dzina ku imfa ya selo yochititsidwa ndi ayironi: ferroptosis. Mafuta a khungu la selo amapsa, monga mafuta ophikira okhalitsa amene asasa, mpaka khungulo kubooka. Chimene chimazimitsa motowo ndi puloteni yotchedwa GPX4. Mu 2014 kunadziwikanso ntchito ya puloteni ina, NCOA4, imene imanyamula ferritin kupita nayo kumene selo limagayira zinyalala, ayironi yense n'kukhuthuka. Mukaphwanya nkhokwe, GPX4 n'kumumanga manja, selo lodzikundikira ayironi ndi limene limayamba kupsa. Ngakhale maselo ena amene apulumuka ku mankhwala a khansa apezeka kuti amadalira kwambiri GPX4.

Pali dzina lina limene mulidziwa. Mankhwala a malungo ochokera ku artemisinin, amene alinso mu LA, amayamba kuluma akakumana ndi ayironi. M'labotale aoneka kuti amachititsa maselo a khansa kugaya ferritin yawo. Koma chonde abale anga, ndati m'labotale. M'mbale zagalasi ndi m'mbewa. LA si mankhwala a khansa, ndipo womwa LA m'malo mopita kuchipatala akungopatsa chotupa nthawi yokula.

[Pa sikirini: pepala la zotsatira za magazi]

Mwina mwayezetsa magazi, pepala likuti ferritin yakwera. Musathamangire kulira. Ferritin imakwera thupi likamalimbana ndi matenda alionse: malungo, TB, kutupa kwa chiwindi, ngakhale kumwa mowa kwambiri. Payokha siyezera khansa. Kwathu kuno amayi ndi ana ambiri vuto lawo ndi nkhokwe yopanda kanthu. Mayi woyembekezera, mapiritsi owonjezera magazi amene anakupatsani kusikelo aja, pitirizani kumwa mpaka athe.