Mwaika RAM ya 16GB koma kompyuta ikuona 8GB basi? Musakhudze msconfig musanaonere izi

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Mwagula RAM, memory imene kompyuta imagwirira ntchito, mwaika bwinobwino, mwayatsa, koma makina akuti 8GB pomwe inu mukudziwa kuti muli 16. Musathamangire kukabweza, tiyeni tione kaye.

Choyamba, lowani mu BIOS, kapulogalamu ka pa bodi kamene kamayamba Windows isanatseguke, pa makompyuta ambiri mumadina Delete kapena F2 ikangoyaka. BIOS nayo ikaona 8, vuto lili m'kati mwa bokosimo. Ikaona 16 yonse, nkhani ili kwa Windows.

Chachiwiri, zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, chotsani ma stiki a RAM, muwabwezere mokanikiza mbali zonse ziwiri mpaka timaloko ta m'mphepete titseke tokha. Ngati bodi yanu, motherboard imene mumalowetsapo RAM, ili ndi mipata inayi ndipo ma stiki ndi awiri, ambiri amafuna A2 ndi B2, wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, koma onani kabuku ka bodi yanu. Yesaninso stiki imodzi imodzi.

Mukuona kuti zikuthandiza dinani like pompano, zimathandiza kuti vidiyoyi ifikenso kwa ena.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pamene pamandiwawa kwambiri. Pali mavidiyo ambirimbiri omwe amati tsegulani msconfig, kapulogalamu ka Windows kosinthira kayambidwe ka kompyuta, pitani pa Boot, Advanced options, chongani kabokosi ka Maximum memory, lembani nambala yaikulu, RAM yanu yonse itseguka. Abale, bodza limenelo! Kabokosi kameneko sikawonjezera kanthu, ntchito yake ndi kuika malire. Kanapangidwira anthu olemba mapulogalamu kuti aziyesa mmene Windows ingayendere pa makina a memory yochepa, ndiye mukakachonga mukuuza Windows kuti usapitirire apa, ndipo ukalemba nambala yolakwika kompyuta imatha kuyenda ngati kamba kapena kukanika kuyaka bwino. Windows ya 64-bit sibisa RAM kudikira kuti inu muitsegule, kabokosiko kakakhala kopanda chongi imagwiritsa ntchito yonse imene BIOS yaipatsa. Ndiye mukapeza kuti nkochonga, kaya ndinu munachonga kaya ndi mnzanu uja amati amadziwa makompyuta, chotsani chongicho, dinani OK, yatsaninso. Chimene chimathandiza ndi kuchotsako, osati kuchonga. Chonde tumizani vidiyoyi kwa amene anakuphunzitsani zimenezi.

Chachinayi mwachangu, onani ngati Windows yanu ndi 32-bit. Imeneyo sipitirira 4GB, nthawi zambiri mumangoona 3 ndi pang'ono. Mankhwala ake ndi kuika ya 64-bit, ndipo Windows 11 ilibenso ya 32-bit.

Chachisanu, tsegulani Task Manager, Performance, Memory, muone mzere wa Hardware reserved. Ikakhala yochepa ndi zabwinobwino, makamaka ngati graphics yanu ili m'kati mwa purosesa chifukwa imabwereka RAM. Koma ikafika theka la RAM yonse, bwererani ku chachiwiri chija, mwina stiki ina sinakhale bwino.

Chomaliza anthu amaiwala. Chimene chimalamulira memory masiku ano chili mu purosesa momwemo, AMD inayamba zimenezi ndi Athlon 64 mu 2003, Intel ndi Core i7 mu 2008. Ndiye kapini kamodzi kakapindika mu soketi, kapena choziziritsira purosesa (cooler) mwachimanga mothina mbali imodzi, mipata iwiri yonse ingathe kuzimiririka. Masulani pang'ono zomangira, mangani mofanana mopingasa, ndipo walitsani tochi mu soketi muone mapini. Zikakanikabe, ikani BIOS yatsopano kuchokera pa webusaiti ya kampani ya bodi yanu, kenako yesani RAM ndi pulogalamu yoyezera memory ya MemTest86 usiku wonse.

Lembani m'munsimu dzina la bodi yanu ndi zimene BIOS ikuonetsa, ndiziyankha. Vidiyo yotsatira tikamba za XMP, yomwe mumayatsa mu BIOS kuti RAM iyende pa liwiro lake lonse, chifukwa chake RAM ya 3200 ikuyenda pa 2133, ndiye dinani subscribe kuti isakupiteni.