Dzuwa linamutulukira akutsimphina

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Genesis 32, kuyambira ndime 22 mpaka kumapeto kwa mutuwo. Amene muli m'minibasi kapena mukusonkha moto wa phala la ana mudzawerenga mukapeza mpata, nkhaniyo ambiri mukuidziwa kale. Yakobo watsala yekha pa mtsinje wa Yaboki, akazi ake, ana ndi ziweto wawolotsa. Munthu wina akulimbana naye usiku wonse mpaka mbandakucha. Poona kuti sakumugonjetsa, munthuyo akumukhudza m'chiuno, pamene ntchafu imalumikizana ndi thupi, ndipo ntchafuyo ikuguluka. Yakobo sakutaya, akuti sindikusiyani mpaka mutandidalitsa. Akudalitsidwadi, akupatsidwa ndi dzina latsopano, Israeli. Kenako pa ndime 31 akutiuza kuti dzuwa linamutulukira pamene ankadutsa pa Penieli, ndipo ankatsimphina.

Ndimeyi ndaiwerenga kuyambira ku Sande sukulu, koma ndinkangoidumpha ngati ngalande. Mtima wanga unkafuna kuti nkhaniyo ithe mwina, kuti atadalitsidwa ntchafu inabwerera m'malo, iye nathamanga kukakumana ndi Esau. Sizinalembedwe choncho. Munthu wodalitsidwa, wa dzina latsopano, amene waonana ndi Mulungu maso ndi maso, akuyenda m'kuwala kwa m'mawa akukoka mwendo. Ndipo palibe pamene Mulungu akupepesa kuti ntchito yatsala theka.

Chimene chinanditsegula maso pa ndimeyi ndi ukwati wina wa kwathu, ndipo m'nkhaniyi wolakwa ndine.

Zaka zingapo zapitazo ine ndi amene ndinkaphunzitsa masitepe anyamata ndi atsikana operekeza akwati. Masabata atatu, madzulo alionse, pabwalo la kunyumba kwa achimwene anga, kasipika kali pampando, fumbi kobo. Achimwenewo ali ndi mwana wamkazi amene anadwala ali wamng'ono, mwendo wakumanzere nufooka, moti amayenda ndi ndodo ija yolowetsa mkono. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 14. Tsiku lililonse ankakhala pakhonde kutionerera, mapewa akugwedezeka. Masitepe onse anawadziwa ena asanawadziwe. Mnyamata wina akaphonya potembenuka, iye ndi amene ankakuwa kuti wachedwa ndi phazi limodzi. Tsiku loyesa madiresi anabwera pafupi nane, nandiyang'ana osanena kanthu. Ine mumtima ndinali nditawerengera kale kuti mzere udzachedwa, ndipo pa vidiyo ndodo idzaoneka. Ndinamugwira paphewa ndi mawu okoma kwambiri: "Iwe udzatisungira zikwama ndi mafoni, imeneyonso ndi ntchito yaikulu." Anangoti, "Chabwino azakhali."

Tsiku la ukwati, perekaniperekani ili pakati, ndinatuluka kuseri kwa holo kukaona ngati mpunga wapsa. Ndinamupeza komweko, pafupi ndi mapoto, zikwama wazisanja bwinobwino pamkeka, akuvina yekha nyimbo yomwe inkamveka kudzera pawindo. Ndodo ija anaizika pansi, nazungulira pa iyo thupi lonse, diresi likuuluka, kenako n'kuimenyetsa pa simenti kawiri molingana ndi ng'oma, n'kutsetsereka chambali mwendo wofooka uja ukulemba mzere m'fumbi. Sanali kutengera masitepe anga. Anali atawaphwasula n'kuwamanganso kuti akwane thupi lake, ndipo kunena zoona anali okoma kuposa anga. Amayi ophika anasiya zipande n'kumamuimbira nthungululu. Atandiona anaima. Madzulo ake, tikutsuka mbale, anati, "Azakhali, simunandifunse n'komwe ngati ndingathe."

Mawu amenewo andikhala pamtima mpaka lero.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti kunja kuno kuli magulu a akatswiri ovina amene anayambira pa funso lomweli. Ku Britain kuli gulu lotchedwa Candoco, limene linayamba mu 1991 ku London. Dzinalo analitenga ku mawu achingerezi otanthauza kuti tingathe. M'modzi mwa oyambitsa, mayi Celeste Dandeker, anali katswiri wovina amene anagwa pa siteji mu 1973 gule ali mkati, navulala msana moti sanayendenso. Anthu ankayesa kuti zovina zatha. Patapita zaka zoposa khumi ndi zisanu iye ndi Adam Benjamin anayamba kusonkhanitsa anthu aulumali ndi opanda ulumali kuti azivina limodzi, osati ngati mankhwala olimbitsa thupi kapena zosangalatsa odwala ayi, koma gule weniweni amene anthu amagula tikiti kuti akaonere. Ku America gulu la AXIS la mumzinda wa Oakland linali litayamba kale mu 1987. Kufupi kuno, ku Cape Town, kuli gulu la Unmute lomwe linayamba mu 2013.

M'gulu la Candoco munadutsa bambo wina, David Toole wa ku Leeds, amene anamudula miyendo yonse ali khanda. Anagwira ntchito ku positi zaka zambiri, ndiye kenako anapita ku maphunziro a gululi, moyo wake nukhotera ku gule. Ankavina ndi manja, akuyenda, kuthamanga ndi kuzungulira pa zikhatho, ndipo mu 2012 anavina pa mwambo wotsegulira masewera a Paralympics, mpikisano wa dziko lonse wa anthu aulumali, ku London dziko lonse likuonerera. Anamwalira mu 2020. Ambiri a inu amene mumakonda Facebook munaonapo Musa Motha wa ku South Africa, amene anamudula mwendo ali mwana chifukwa cha khansa ya m'mafupa, akuvina ndi ndodo zake pa mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2023 mpaka kufika mu ndime yomaliza.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene magulu amenewa amagwirira ntchito. Wophunzitsa sauza munthu wa pa wilitcheya kuti tengera chimene mnzako wa miyendo iwiri akuchita. Amangopereka chimene gule akufuna pamenepo, kaya n'kutembenuka mwaliwiro, kaya n'kugwa n'kudzukanso, kaya n'kunyamula mnzako, ndipo aliyense amafufuza njira yake m'thupi limene ali nalo. Zikatero pamatuluka zinthu zimene wina wa miyendo iwiri sangazichite. Wilitcheya imatsetsereka pa siteji mosadukiza ngati bwato pa madzi abata, chimene phazi silingathe. Ndodo imatalikitsa mkono, imamulola munthu kulendewera m'malere kanthawi. Wovina wosamva amaimva ng'oma kudzera m'matabwa a pansi ndi m'chifuwa, ndipo amawerenga ndi maso mapewa a anzake. Nthawi zina wa pa wilitcheya ndi amene amanyamula mnzake uja, osati iye kunyamulidwa. Ndi zomwezija mwana wa achimwene anazipeza yekha kuseri kwa holo popanda womuphunzitsa.

Ife tili ndi mwambi uja wakuti ukaipa dziwa nyimbo. Ndinkaukonda, koma masiku ano umandikanda pakhosi ndikaumva ukunenedwa za munthu waulumali, chifukwa umakhala ngati luso lake ndi malipiro a chinthu chimene chinalakwika pa iye. Tamveraninso mmene timayamikira. Wina akavina bwino timati wavina. Waulumali akavina bwino timati "mayo ine, koma akuyesetsa," ena mpaka misozi. Chifundo chotere chimamuika munthu pansi kwinaku chikumusisita. Ngakhale mawu akale aja akuti chilema, zilema, tawamverani bwino, ali m'gulu limodzi ndi chinthu, zinthu, chipatso, zipatso. N'chifukwa chake eni ake anatipempha kuti tizinena kuti munthu waulumali, munthuyo azitsogola.

Ku America mwezi wa July anthu aulumali amausunga ngati mwezi wonyadira chimene ali, pokumbukira lamulo loteteza ufulu wawo limene linasainidwa pa 26 July 1990. Ndikudziwa kuti Mkhristu akamva mawu oti kunyada amadzidzimuka, poti kunyada kumatsogolera kugwa. Koma apa sakunena kudzikuza. Akunena kukana manyazi, kukana kubisidwa kuchipinda alendo akabwera, kukana kuikidwa kumapeto kwa chithunzi kuti ndodo isaoneke. Davide anati ndikuyamikani chifukwa chipangidwe changa n'choopsa ndi chodabwitsa, pa Salimo 139:14. Sindinapeze pamene analemba kuti mawuwa ndi a okhawo amene ziwalo zawo zonse zikugwira ntchito.

Pano ndilankhule ndi ife a m'mipingo, ndipo mundikhululukire ngati ndiponda chala cha wina. Ine ndimakhulupirira machiritso. Munthu wosayenda wa pa Chipata Chokongola uja, pa Machitidwe 3, analowa m'Kachisi akuyenda ndi kudumpha, ndipo Mulungu yemweyo sanasinthe. Koma tinazolowera kuti tikaona ndodo kapena wilitcheya ikulowa m'tchalitchi timaona chozizwitsa chimene chikudikira kuchitika, osaona wopembedza mnzathu amene wabwera kudzatamanda. Timamuitanira kutsogolo kuti timupempherere sabata ndi sabata, koma sitinamuitanepo kutsogolo kuti atitsogolere nyimbo. Akapanda kuchira, timanong'ona za chikhulupiriro chake kapena za makolo ake, funso lomwe lija ophunzira anafunsa pa Yohane 9 lakuti anachimwa ndani, limene Yesu analikana poyera. Ndiye munthuyo amakhala zaka makumi awiri m'mpingo ngati ali pamzere wa kuchipatala. Kwaya ikuvina kutsogolo, iye wapatsidwa zikwama.

Mefiboseti, mwana wa Yonatani bwenzi la Davide, anagwa kuchoka m'manja mwa mlezi wake ali ndi zaka zisanu, napunduka mapazi. Mfumu Davide atamuitanitsa kuchokera ku Lodebara, iye anadzitcha galu wakufa, poti ndi mmene moyo unamuphunzitsira kudziona. Mutu wa 2 Samueli 9 ukutha ndi kunena kuti ankadya pa gome la mfumu masiku onse, n'kuwonjezera kuti anali wopunduka mapazi onse awiri. Wolembayo sanabise, ndipo mfumu sinadikire kuti ayambe wachira.

Koma ndime imene ndikufuna muyende nayo lero ili pa Yeremiya 31. Mulungu akulonjeza kubweza anthu ake kuchokera ku ukapolo, ndipo pa ndime 8 akutchula amene adzakhale m'gulumo, akhungu ndi otsimphina, amayi apakati ndi amene ali pafupi kuchira, khamu lalikulu. Pa ndime 9 akuti adzawayendetsa m'njira yowongoka imene sadzapunthwamo. Taonani, chimene akukonza ndi njira. Ndiye pa ndime 13 anamwali akukondwera m'gule, anyamata ndi nkhalamba pamodzi. Khamu lomwe lija, otsimphina ali momwemo, ndi limene lafika pa bwalo la gule. Ife timafuna munthu asinthe kuti akwane pa bwalo lathu, pamene masitepe atatu a simenti olowera pa guwa tinawamanga tokha, ndipo tingathe kuwathira potsetsereka ndi matumba awiri a simenti.

Kwa iwe amene ukuwerenga uli ndi ulumali, kapena ukulera mwana wotero ndipo watopa ndi maso a anthu, Salimo 150 likuti zonse zakupuma zilemekeze Yehova. Muyeso wake ndi mpweya. Ngati wadzuka ukupuma m'mawa uno, uli m'kwaya imeneyo kale, ndipo thupi limene uli nalo lero ndi lomwe likuitanidwa, osati lina limene anthu akukuyembekezera.

Tipemphere. Atate, Inu amene munadalitsa Yakobo n'kumusiya akutsimphina, tikhululukireni pamene tinasankhira anzathu malo osawafunsa. Tipatseni maso oona luso pamene tinazolowera kuona tsoka. Limbitsani mwana aliyense amene lero akapite ku sukulu akukoka mwendo, ndi mayi aliyense amene wamubereka kumsana ngakhale wakula. M'dzina la Yesu, Amen.

Mwana wa achimwene uja tsopano ndi wamkulu, ndipo ndi iye amene akuphunzitsa masitepe pa ukwati wa mng'ono wake mwezi wamawa. Ine wandiika mu mzere wa azakhali, ndipo dzulo wandidzudzula kawiri kuti ndikuchedwa potembenuka. Wandituma kuti ndikapita m'tauni lero ndikamugulire labala latsopano la kunsi kwa ndodo, lakale lija latha ndipo matailosi a m'holo ndi oterera.